Mowa wa Lilime Lobwereka

Kwathu ndi ku Ntcheu, kwa Angoni, kumene mtsikana amadziwa kuvundula phala la mowa asanadziwe n'komwe kumanga mpango kumutu. Amayi anga ankafulula masese oti amuna ankaiwala nawo njira ya kwawo, ndipo ine ndinakulira m'mbali mwa mbiya zawozo, ndikusonkhezera moto ndi kunyambita mthiko. Koma chikondi sichifunsa kuti kwanu amamwa chiyani. Ndinakwatiwa ndi mwamuna wa Chiyao, ananditengera kwawo ku Chowe, kumtunda kwa boma la Mangochi, ndinalowa Chisilamu, ndipo za mowa zinathera pomwepo. Mwana wanga woyamba anabadwa, n'kukula mpaka kufunsiridwa mbeta, ine osakhudzako ngakhale dontho.

Thobwa lokha ndiye ndinkaphika. Pa sadaka iliyonse, mwambo wathu wokumbukira omwalira, ankaitana ine. Akazi anzanga ankandiseka kuti thobwa la Mngoni limakhala ngati likufuna kunena kanthu koma likuopa ashehe. Sankanama. Thobwa ndi mowa zimayenda njira imodzi, kungoti thobwa limabwerera panjira, ndipo ine ndinali nditazolowera kulibweza.

Kenako nkhondo ya ku Mozambiki inatikhuthulira anthu. Ankatsika kuchokera cha ku Namwera, mitolo kumutu, mapazi atatupa. Ambiri ankawatengera kumisasa, koma ena ankapempha malo m'midzi. Banja lina la Alomwe linamanga tizisakasa kumalire kwa munda wathu, amuna anga atalola. Mwa anthuwo ndinazolowerana ndi awiri: mayi wina wachitsikana, msinkhu wa mng'ono wanga wotsiriza, ndi bambo wina wokalamba, wamtali, wopanda mano akutsogolo, amene anali malume a mwamuna wa mayiyo.

Mwamunayo panalibe. Tsiku limene mudzi wawo unatenthedwa iye anali atalawirira kudimba, ndipo aliyense anathawira kumene miyendo inamutengera. Patapita miyezi kunafika munthu wina wa kwawoko amene anati anaona mtembo m'mbali mwa mtsinje, uli chafufumimba, ndipo malaya ake anali a mwamunayo. Umboni wonse unali womwewo, malaya. Kuyambira pamenepo mayiyo ankakhala ngati namfedwa: mpango wakuda, osadzola mafuta, osathira mchere m'ndiwo, tsitsi losapesa. Mvula inagwa n'kutha, inanso inagwa n'kutha, iye ali chomwecho.

Tsiku lina, mango atayamba kupsa, mkulu uja anabwera pakhomo pathu n'kukhala pakhonde, chipewa chili pabondo. Amuna anga analipo. Ankaphika ku hotela ku Makokola ndipo kumudzi ankabwera mwa apo ndi apo.

"Tabwera ndi pempho," anatero mkuluyo. "Mpongozi wanga uja wazunzika mokwanira. Tikufuna timulire mwana wa mlongo wanga, timuthirire mowa wake, mkaziyu timumete, timusudzule. Akafuna banja, apeze banja. Koma popanda mowa sizitheka. Akazi athu odziwa kufulula, wina anatsala panjira, wina ali kumsasa wakutali. Kuno tafunsa nyumba zonse, akungoti haramu, haramu. Ndiye ena atinong'oneza kuti mayi a pakhomo pano kwawo n'kwa mowa."

Ine ndinazolika ngati sindikufuna, koma m'manja munali mutayamba kuyabwa. Amuna anga anavula kofiya, kuyiyang'ana m'kati, n'kuyivalanso.

"Ine kuntchito ndimatsuka matambula a azungu tsiku ndi tsiku, Mulungu amaona," anatero. "Maliro ndi maliro. Mukafulule, koma kumunda konko, osati pakhomo pano. Ndipo mayi, lilime lanu lisakhudze. Mwamva? Olo kadontho."

Ndinavomera msangamsanga, osaganiza. Ndikanaganiza ndikanakumbukira kuti wofulula amatsogozedwa ndi lilime. Ndinafunsa mkulu uja ngati angamandilawire, iye anapukusa mutu: chikho choyamba n'cha malemu, ndipo mwamuna womwa mwiniwake asanamwe ndi wakuba. Kulawa kwa akazi a pamoto ndiye kulibe mlandu, ndi ntchito. Koma akazi a m'banjamo, wina anali woyembekezera, ankasanza akangomva fungo la chimera, enawo anali ana. Kunatsala namfedwa yekhayo.

"Iyeyu ndiye akudziwa mmene mwamuna wake ankaukondera," anatero mkuluyo. "Wosasa, wokoka masaya. Osati phala la ana ayi."

Chisokonezo chinayamba tsiku loyamba lomwe. Kwathu chimera chinali cha mawere, apa anandipezera mapira. Ndinawaviika, n'kuwafundika masamba a nthochi, ndipo anamera ndisanayembekeze, chifukwa kutentha kwa ku Mangochi sikudikira munthu. Ufa wake unali wachikasu uja ankalandira othawa nkhondo. Banja lonse linali litaumana kwa masabata, ana akungodya mango ndi nandolo, kuti ukwane mowa. Mbiya kunalibe, tinabwereka diramu lodula pakati kwa munthu wina wokonza njinga, tinalikwecha ndi mchenga mpaka zala kutuluka magazi.

Nditaima pa diramupo mthiko uli m'manja, ndinapeza kuti manja akukumbuka koma mutu waiwala. Manja ankavundula okha, bwinobwino, ngati ndinasiya dzulo. Koma nditadzifunsa kuti chimera chimathiridwa kangati, mutu unaima. Kamodzi? Kawiri? Phala ukaliwiritsa kachiwiri, umathira chimera likadali lofunda kapena litazizira? Ndinkawaona amayi anga m'maganizo atawerama pa mbiya, koma nthawi zonse anali atandifulatira, osaona chimene manja awo akuchita. Okawafunsa kunalibe, anali atamwalira kalekale, ndipo pamaliro awo ndinakhala kutali ndi mowa ngati mlendo.

Ndinangotsata manja. Tsiku loyamba tinaphika phala, litazizira ndinathira chimera. Linagona. Tsiku lachitatu tinaliwiritsanso kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu, utsi uli m'maso, mayi uja akusonkhezera nkhuni. Anali wolimbikira ntchito mwana ameneyo, koma nkhuni ankaziika imodziimodzi ngati akuzimvera chisoni. Litazizira ndinathiranso chimera, n'kuvundikira ndi lichero ndi masaka.

M'mawa wa tsiku lachinayi ndisanafike n'komwe pa diramu ndinamva fungo. Ndinathamangirako. Ndinagunditsa khutu, m'katimo munkamveka kuti tswii, tswii, ngati mvula yowaza pa udzu wouma. Nditavundukula, thovu linali litakwera. Ndinasangalala, ndisaname, ndinasangalala koposa mmene Msilamu ayenera kusangalalira pa diramu la mowa. Ndinatunga pang'ono m'chikho n'kumupatsa mnzangayo.

Analawa, n'kuyang'ana kumapiri.

"Sunafike, amayi. Likadali thobwa."

Sindinadandaule. Kwathu mowa unkapsa tsiku lachisanu, ndiye ndinati tidikire. Tsiku lachisanu tinausefa, masese tinataya kudzala, ndinamupatsanso chikho.

"Ukadali wozuna, amayi."

"Wozuna? Nanga fungoli?"

"Fungo lilipo. Koma m'kamwa mulibe kanthu."

Apa ndiye ndinayamba kudzikayikira. Mphuno yanga inkati mowa wapsa, khutu linkati wapsa, maso ankati wapsa. Koma mphuno imeneyi inali itatha zaka ikununkhiza mpunga wa sadaka ndi lubani, ndikanayikhulupirira bwanji? Mwina mowa weniweni unkanunkha mwamphamvu kuposa apa ine n'kuiwala. Mwina ufa wachikasuwu unali ndi mankhwala. Mwina diramu linali ndi mafuta a galimoto. Ndinathira chimera china chimene chinatsala. Diramu tinalikokera padzuwa. Madzulo ake ndinaganiza kuti ndalakwitsa, tinalikokeranso pamthunzi.

Kenako ndinakumbukira chinthu china. Pothira chimera tsiku loyamba lija ndinanena kuti Bisimilahi. Sindinachite dala, pakamwa panangozolowera, ndimanena potsegula chitseko, pokoleza moto, ngakhale pomenya mwana. Ndiye ndinati basi, n'chimenecho. Ndaitanira dzina la Mulungu pa mowa, ndipo mowa wakana kukhala mowa. Ndinasowa kuti ndipepese kwa yani, kwa Mulungu chifukwa chomutchula pa diramu, kapena kwa amayi anga chifukwa chobweretsa mawu achilendo pa ntchito yawo. Popemphera swala ya masana ndinasokoneza kawerengedwe, ndinagwada kangapo osadziwa kuti ndafika pati. Akuluakulu anati mapanga awiri avumbwitsa, ine ndinavumbwa kulibe ndi mtambo womwe.

M'mudzi namo nkhani inali itawanda. Kuchitsime akazi ankasuntha ndowa zawo ndikafika, wina n'kununkhiza chitenje changa mokweza kuti anzake aseke.

"Achemwali, thobwa lanu lija layamba kulankhula tsopano?"

"Likanalankhula bwenzi ndikugona tulo," ndinayankha, ndipo sanamvetse.

Tsiku lachisanu ndi chimodzi abale a mkulu uja anayamba kufika, ena kuchokera kumsasa, ena ku Namwera, atayenda pansi. Anakhala pansi pa mtengo wa mango, akuyang'ana ku diramu mwaulemu ngati kuli wodwala. Mkuluyo anabwera n'kuima patali, chifukwa pafupi sankaloledwa.

"Mayi, zikuyenda bwanji?"

Ndinatunga, ndinapatsa namfedwa uja pamaso pake. Analawa, n'kumeza, n'kupukuta pakamwa.

"Sunafike, amalume."

Mkuluyo sanakwiye. Anangoti, "Tidikira," n'kubwerera. Bola akanandikalipira. Thovu linali litayamba kutsika, timizimizi tating'ono tija tokonda zowola tinali titadzaza pa lichero, ndipo ine ndinkadziwa kuti kwathu zikafika apa ndiye kuti wachedwa. Koma kwathu kunali kozizira, chimera chinali cha mawere, mbiya inali yadothi, ndipo ine ndinali mtsikana. Palibe chimene ndinali nachonso chitsimikizo. Ndinafika poganiza kuti mwina amayi anga sanandiphunzitse n'komwe, ndinkangonyambita mthiko n'kumadziyesa katswiri.

Tsiku lachisanu ndi chiwiri, dzuwa lili paliwombo, mayi uja anapita kukatunga madzi. Alendo anali atagona pamthunzi ndi njala. Ndinatsala ndekha ndi diramu. Ndinavundukula, ndinayang'ana kumudzi, ndinayang'ana ku mtengo wa mango, n'kuviika chala cha mkombaphala. Ndinachiyang'ana chalacho nthawi yaitali. Ndinaganiza za amuna anga ndi kofiya yawo. Ndinaganizanso za ana aja anamanidwa ufa. Ndinachiika m'kamwa.

Masaya anakokeka mpaka m'makutu. Maso anatuluka misozi. Mowawo unali utapsa kalekale, mwina masiku awiri kapena atatu apitawo, ndipo tsopano unali wosasa moti kwathu amayi akanauthirira nkhumba. Lilime langa silinaiwale kalikonse. Linadziwa nthawi yomweyo kuti chimera chinakwana, moto unakwana, ndipo palibe chimene ndinalakwitsa.

Ndinapsa mtima. Ndinachimwa pachabe, ndinanyozeka pachabe, masiku atatu ndikudziyesa chitsiru. Mayiyo atabwera ndinamudikira atule ndowa, n'kumukokera kuseri kwa chisakasa.

"Iwe, ukundiyesa chidole? Mowawu unapsa liti?"

Anandiyang'ana pakamwa. Anadziwa.

"Mwalawa, amayi?"

"Usandifunse zimenezo! Unapsa liti?"

"Tsiku lija tinasefa."

"Ndiye bwanji? Ufa wa ana! Anthu ayenda pansi kuchokera ku Namwera! Ine pano mudzi wonse ukundiseka!"

Anakhala pansi, n'kuyamba kukumba dothi ndi kamtengo. Atalankhula, mawu ake anali apansipansi, Chichewa chake chosakanikira ndi cha kwawo.

"Malaya aja, amayi, anagula awiri ofanana ndi mnzake wa kudimba. Ndinawauza amalume, akuti ndi chisoni chikundilankhulitsa. Mwina n'zoona. Ine sindinaone. Koma mowawu ukapsa, akathira pansi, akandimeta, ndiye kuti wamwaliradi. Ndiye nditamupha ndine, ndi pakamwa panga, ponena kuti wapsa." Anatukula mutu. "Tsiku lililonse ndimati ndinena lero. Ndikalawa, ndi momwemuja ankaukondera. Ndiye mawu amakana."

Mkwiyo wonse unandithera. Ndinakhala naye pansi pomwepo. Mpaka lero sindidziwa chimene munthu wanzeru akananena. Mkulu uja ankamufunira zabwino, ankafuna mwanayu adzole mafuta, adye mchere wothira yekha, aseke. Mwanayu naye sankapempha zambiri, ankangofuna kuti asakhale iye wotseka chitseko. Ndinalingalira, ndipo nzeru imene inandibwerera inali ya Chingoni, yachidule: ndinama. Manyazi ndinali nditawasenza kale, kuwonjezera pang'ono sikukanandithyola khosi.

Ndinapita ku mtengo wa mango, ndinagwada patsogolo pa mkuluyo ndi alendo ake.

"Abambo, pepani. Mowa waonongeka. Vuto ndine, ndinasiya kalekale, ndaiwala. Wasasa mopitirira, sungathiridwe kwa malemu. Mwina mudzayesenso chaka chamawa, mukadzapeza wodziwa."

Mayi wina wokalamba wochokera kumsasa anadzuma. Mkuluyo anayang'ana ana amene ankaseweretsa nthangala za mango, kenako anayang'ana ine.

"Mwati waonongeka?"

"Waonongeka, abambo."

"Ngati waonongeka ndiye kuti si wa malemu. Palibe amene ndikumubera. Patseni chikho, ndimve kuipa kwake ufa wa adzukulu angawu."

Zimenezi sindinaziganizire. Ndinafuna kukana koma ndikanakana ndi chifukwa chanji? Ndinapita ku diramu, ndinatunga, ndinabwera nacho chikho, n'kumupatsa ndi manja awiri. Namfedwa uja anali ataima pakona pa chisakasa, dzanja lili pakamwa.

Mkuluyo anamwa. Anatsinzina. Masaya ake opanda mano aja analowa m'kati, ndipo anakhala chomwecho nthawi yaitali moti ndinayesa akufuna kulavula. Atatsegula maso munali misozi. Ananena mawu a Chilomwe kwa anzake, onse anadzuka n'kukhala tsonga. Kenako anadonthetsa wotsalawo pansi, akupepesa kwa mwana wa mlongo wake kuti wamutsogolera.

"Mayi," anatero, "inu Angoni mumamwa mowa usanakule. Uwu ndiye wa kwathu. Chichokereni sindinaulawe wotere. Mwaudziwa bwanji?"

Ndikanati chiyani? Kuti masiku atatu amene mpongozi wake anaba ndi amene anaukometsa? Ndinatembenuka kuti ndimuyang'ane mayi uja, koma anali atalowa m'chisakasa.

Mwambo unachitika m'mawa mwake. Ine ndinaima patali, m'malire mwa munda, monga Msilamu. Anathira mowa patsinde pa mtengo, akutchula malemuyo ndi makolo ake, n'kumuuza kuti agone kumene wagonako, asavutitse mkazi. Kenako anamukhazika mayiyo pamphasa, anamuvula mpango wakuda, ndipo gogo wa kumsasa uja anayamba kumumeta ndi lezala. Tsitsi linali litapotana, linkagwa zibuma zibuma. Sanalire. Ena onse analira, ngakhale ine, koma iye anangoyang'ana zala zake za kumapazi. Atatha anamusambitsa, anamudzoza mafuta, anamupatsa mchere kuti athire mumphika, anthu n'kululutira. Alendo anamwa diramu lonse, ndipo pochoka aliyense anabwera kudzandigwira dzanja. Sindinayamikiridwepo chotero pa ntchito imene ndinayesetsa kuiononga.

Amuna anga atabwera kuchokera ku Makokola anandifunsa ngati zinayenda bwino, ndinati zinayenda. Za chala sanafunse, inenso sindinanene. Ndinapempha chikhululuko kwa Mulungu, koma popemphapo ndinkasokonezeka kuti tchimo lake ndi liti kwenikweni: kulawa, kunama, kapena kufulula bwino.

Patatha sabata ndinanyamuka kupita kuchigayo, thumba lili kumutu. Njira yake inkadutsa pamsewu waukulu, pamene lole yonyamula othawa nkhondo atsopano inkaima kuti anthu amwe madzi isanapitirire kumsasa. Tsiku limenelo inali itaima. Anthu ankatsika mmodzimmodzi, otuwa ndi fumbi, ena atanyamula ana, ena opanda kanthu. Pambali pa lolepo panali pataima mayi uja, atavala chitenje chowala chimene anamupatsa tsiku lomusudzula, mutu uli mbee ndi mafuta. Akazi otsikawo iye ankangowadutsa ndi maso. Koma mwamuna aliyense akatsika ankamuyang'ana kumaso, kenako malaya, n'kudikira wotsatira.

Anandiona. Sanachite manyazi, sanabisale. Anangosuntha pang'ono kundipatsa malo, ngati mmene munthu amachitira pamphasa. Ndinatula thumba langa pansi, ndinaima naye, ndipo ndinayamba kuyang'ana nawo nkhope za amunawo, ine amene munthuyo sindinamuonepo.